Phwete la Kale ndi Phwete la Pafoni

"Apa mukuseka chiyani kwenikweni? Ine ndaonera mpaka kumapeto koma sindinaonetse n'dzino lomwe."

Anatero bambo wina wa imvi akubweza foni kwa mwini wake. Panali pakhonde la amisiri okonza ma TV ndi mawailesi kumunsi kwa msika wa Ndirande, Loweruka masana, magetsi atapita. Ntchito inali itaima. Wometa wa shopu yoyandikana anali atatulutsa mpando wake panja, ndipo tonse odikira katundu wathu tinali titapeza pokhala, ena pabenchi, ena pamakreti. Bambo wa imviyo aliyense ankangowatchula kuti aphunzitsi, ngakhale choko anachisiya kalekale.

Mwini foni anali mnyamata wovala jezi ya mpira, amene pamodzi ndi anzake awiri amajambula timasewero n'kumaika pa TikTok ndi pa Facebook. Kamene anaonetsako kanali ka mphindi imodzi. Alandilodi afika kudzatenga ya lendi, mkazi wa tenanti akulumbira kuti bambo anapita kumudzi kumaliro, alandilodi aimba nambala yawo, foni ilira pansi pa bedi. Kathera pompo. Wometa anaseka mpaka kugwira pamimba. Mayi wogulitsa zitumbuwa, amene anali atatula beseni lake pamasitepe, anasekako pang'ono. Aphunzitsi nkhope inali gwa.

"Madala, kameneka aonera anthu masauzande," anatero mnyamatayo.

"Aonera, inde. Koma ukawafunse Lachitatu ngati akukakumbukira. Mwana wanga, foni ikalira pansi pa bedi m'pamene sewero likuyamba, ndiye iwe wathera poyambira. Munthu uja atuluke, fumbi lili mbuu m'mutu, ayambe kufotokoza kuti malirowo awasamutsira konkuno. Alandilodi avule chipewa, akhale pansi, apepese, kenako afunse kuti nanga thupi lili chipinda chiti. Pamenepo ndiye nthiti zimawawa."

Wometa anasekanso, koposa poyamba. Mnyamata uja anamwetulira, chala chake chikulemba kenakake m'foni.

Nkhani inakulira pamenepo. Aphunzitsi anabwerera m'mbuyo, masiku amene dziko lonse linali ndi nyumba youlutsira mawu imodzi yokha, MBC. Anatchula Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Anati mabatire ankasungidwa sabata yonse, akafooka n'kuwayanika padzuwa, kuopa kuti angafere pakati pa sewero. Nyumba imene inali ndi wailesi inkasanduka bwalo, ana pamphasa, akuluakulu pamipando, ndipo wotsokomola ankamuyang'ana ndi diso lofiira. Kukacha, kuchigayo, kumjigo ndi m'basi, anthu ankaponyerana mawu a m'sewero lija.

"Popanda chithunzi, mwamva? Mawu okha. Koma a Smart Likhaya Mbewe akalankhula, munthu unkaona ndi malaya omwe avala."

Kenako anatchula Izeki ndi Jakobo, ndipo ngakhale amisiri, amene anali chiweramire kumasula dikoda, anadzutsa mutu. Aphunzitsi anati ankayenda wapansi kuchoka ku Ndirande mpaka ku French Cultural Centre ku Chichiri kukaonera awiriwo mu Kwathu Drama Group, ndalama ya basi atailowetsa pa tikiti.

"Anthu amakumbukira Izeki chifukwa ndiye ankayankha zopotoka. Ine ndinkayang'ana Jakobo. Izeki akaponya mawu, Jakobo sankathamangira kuyankha. Ankaima, n'kumuyang'ana mnzakeyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira kwa ife, holo yonse n'kufa nalo phwete iye asanatsegule pakamwa. Ankadikira phwete lifike pamwamba, liyambe kutsika, ndiye n'kuponya lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimenezo sungaziphunzire pamaso pa foni, chifukwa foni siseka."

John Nyanga, amene ankakhala Izeki, anatisiya mu 2016. Eric Mabedi, Jakobo, anamutsatira mu 2021. Malo amene aphunzitsi ankanenawo, Afalansa anachokamo mu 2011, ndipo lero amatchedwa Blantyre Cultural Centre. Ambiri mwa ana amene akuseketsa anthu pafoni lero sanaonepo awiriwo pasiteji. Amawadziwira m'mavidiyo osaoneka bwino amene wina anakopera kwa wina, mawu ake ochita kutchera khutu. Zimandipweteka kuti ntchito yaikulu chotero tikuisunga mwa njira imeneyi.

Mnyamata uja sanagonje.

"Madala, ulemu wanu ulipo. A Izeki ndi a Jakobo anali madolo, palibe angatsutse. Koma inu munalibe kothawira. Amisiri, TV inabwera liti kuno?"

"1999," anayankha amisiri asanaganize n'komwe. "Television Malawi. N'chaka chimene ndinasiya kudalira mawailesi okhaokha."

"Mwamva? Ndiye zaka zonse zija sewero likhale lokoma, likhale lozizira, munkamvera basi, chifukwa kupotokola batani kunali kukapeza phokoso kapena chilankhulo cha eni. Ine wondionera ali ndi chala. Ndikangochedwa masekondi atatu wadutsa, ali kwa wa ku Nigeria, wa ku Kenya, wa ku Amereka. Bandulo yake ndi ya tsiku limodzi, akuiwerengera. Ndiye mukuti ndizidikira ngati a Jakobo? Ndikadikira ndidzapezeka ndatsala ndekha."

Mfundo imeneyi inali yolemera, ndipo aphunzitsi anaimva kulemera kwake. Wolipira tikiti amakhala atakupatsa kale madzulo ake onse. Wakhala pampando, sachoka chifukwa cha mphindi imodzi ya zii. Wa pafoni sanakupatse kanthu, ndipo ali ndi dziko lonse m'manja. Anthu awiriwa sungawaseketse mofanana. Mnyamatayo akadula sewero lake pamene aphunzitsi akuti m'poyambira, chimene chamudulitsa ndi msika umene akugulitsamo.

Mayi wa zitumbuwa anapukuta manja pa chitenje.

"Aphunzitsi, ndilankhuleko. Kukumbukira kuli ngati kupeta: madeya amauluka, m'lichero n'kutsala mphale yokhayokha. Inu mukukumbukira masewero asanu abwino, mwaiwala makumi ozizira amene tinkagona nawo wailesi ili chilirire. Ndiye mukutenga mphale ya zaka makumi atatu n'kumayerekeza ndi chimanga cha mwanayu chimene sichinakonoledwe n'komwe."

"Eee, mayi, pamenepo mwalasa," anatero wometa.

"Sindinathe. Tisanamizane, nthabwala zambiri za kale zinkaseka ife amayi. Mkazi m'sewero ankakhala wolongolola, wamiseche, kapena wopisa m'thumba la mwamuna usiku. Wachibwibwi ankasekedwa, wolumala ankasekedwa, wochokera kumudzi ankasekedwa kalankhulidwe kake. Tinkaseka nawo, inde, koma pena mtima ukuwawa. Lero mtsikana amangotenga foni yake, osapempha chilolezo kwa mkulu wa gulu, n'kutiseketsa ndi nkhani zathu zomwe, za kubanki mkhonde, za kuchinkhoswe, za apongozi. Ine Nya-Uyu ndimamuonera, ndipo ndimaseka zenizeni."

Aphunzitsi anagwedeza mutu. "Za amayizo mwanena zoona. Sindikana."

Amisiri anatsegula kabati ya tebulo lawo n'kutulutsamo kafulashi kakuda komangiriridwa ku chingwe cha nsapato.

"Ine sukulu ya zimenezi ndilibe, koma ndili ndi aka. TV ndikaikonza ndimaiyesa ola lathunthu ndisanaibweze. Ndikaika nyimbo, anthu amangodutsa. Ndikaika mpira wakale, amasuzumira n'kumapita. Ndikaika Mr Bean, pakhonde pano sipapitika. Ana a sukulu amaiwala kuti kunyumba kuli nsima. Ana omwewa a mafoni, a chala chofulumira, amaima chilili mpaka ithe."

Ndiye anayamba kutisewerera yekha chigawo cha Mr Bean ali m'tchalitchi, atakhala kumapeto kwa benchi pafupi ndi aphunzitsi. Ulaliki watalika, Mr Bean tulo tamugwira. Amisiri anatseka maso pang'onopang'ono, mutu ukupendekera paphewa la aphunzitsi, n'kudzidzimuka, n'kukhala mowongoka ngati palibe chachitika. Kachiwiri mutu unapita kutsogolo, thupi n'kumatsetsereka pabenchi mpaka maondo kugunda pansi. Kenako za switi: dzanja likulowa m'thumba mwakabisira, kapepala kakufuna kulira, woyandikana naye akangotembenuka dzanja limauma pomwepo. Pomaliza nyimbo: mawu sakuwadziwa, akungong'ung'udza, kudikira liwu limodzi la kolasi limene akulidziwa kuti alifuule koposa mpingo wonse. Amisiri sanatchule liwu lililonse la Chingerezi, koma pakhonde ponse tinali misozi m'maso, ndipo anthu awiri odutsa anaima kuti aone.

"Ndani sanawodzerepo m'tchalitchi?" anatero akukhala bwino, akupuma mwabefu. "N'chifukwa chake sizikalamba."

Mr Bean anayamba kuoneka pa ITV ku Britain pa 1 January 1990, ndipo zigawo zake zonse, mpaka 1995, zilipo 15 zokha. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Rowan Atkinson anamuyesa kaye munthu ameneyu pasiteji. Mu 1987, pa chikondwerero cha nthabwala cha Just for Laughs ku Montreal, anapempha kuti amuike pamaso pa anthu olankhula Chifalansa, kuti aone ngati angawaseketse popanda chilankhulo. Kamera inadzajambula chinthu chimene anthu amoyo anali atachivomereza kale. Charlie Chaplin naye anakulira m'maholo a zisudzo ku London asanaone kamera. Mu The Gold Rush ya 1925 amaphika nsapato chifukwa cha njala, n'kuiika m'mbale mwaulemu, n'kumadya zingwe zake ndi foloko, misomali n'kumaiyamwa imodziimodzi. Patha zaka 100, koma muonetseni mwana wa ku Ndirande, aseka.

Pabenchi panalinso mtsikana wina wa kukoleji amene ankadikira dikoda ya kwawo. Wometa anamufunsa kuti nanga iwo a sukulu amaonera chiyani.

"Ine ndimakonda za ku Amereka, achimwene. Friends, The Fresh Prince of Bel-Air, Everybody Hates Chris."

"Zija zoseka zokha m'kati? Munthu angotsegula chitseko, gulu lafa nalo phwete. Amachita kutiuza poseka ngati ndife ana a mkaka. Anthu amenewo kulibe, achemwali, ndi makina."

Wometayo analondola theka. Makina oseka analipodi. M'zaka za m'ma 1950, katswiri wa zamawu Charley Douglass anapanga bokosi lokhala ndi mabatani, lodzaza ndi phwete lojambulidwa, ndipo masewero ambiri a pa TV ku Amereka ankathiridwa phwete lake. Koma masewero akuluakulu ambiri ankajambulidwa anthu enieni ali pamipando. I Love Lucy ya Lucille Ball ndi Desi Arnaz, imene inayamba mu 1951, inkajambulidwa ndi makamera atatu pamaso pa gulu la oonera, ndipo njira imeneyo inakhala ya masewero otere kwa zaka zambiri. Friends, imene inayenda kuchokera 1994 mpaka 2004 ndi zigawo 236, inkajambulidwanso anthu ali pompo. Nthabwala ikagwa pansi, oonera osaseka, alembi ankasonkhana pambali n'kulemba ina nthawi yomweyo, osewera n'kubwereza. Choncho phwete limene wometa ankadana naloli nthawi zambiri linali chizindikiro chakuti mawu aja adutsa kale pa mayeso.

Mtsikanayo anati chimene chimamudabwitsa n'chakuti iye ndi anzake amangobwereza zakale zomwezo, zina zimene zinatha iwo asanabadwe.

"Zatsopano n'zokongola, chithunzi chake ngati filimu. Koma pachaka amatulutsa zigawo 8 kapena 10, kenako mudikire zaka ziwiri, kenako mumve kuti azithetsa anthu ake musanawazolowere. Zakale zinkakhala ndi zigawo zoposa 20 pachaka. Umafika powadziwa anthu aja, wina akangokweza nsidze iwe waseka kale chifukwa ukudziwa chimene chikubwera. Ndiye zina za masiku ano sudziwa ngati n'zoseketsa kapena zoliritsa. Pali ina yotchedwa The Bear, ya anthu a mulesitilanti ku Chicago, inapata mphoto ya Emmy ya sewero loseketsa, koma ine ndinaionera mtima uli m'mwamba, anthu akungokalipirana kukhitchini."

Si iye yekha wobwereza zakale. Mu 2020, sewero limene linaoneredwa kwambiri pa intaneti ku Amereka linali The Office, limene linali litatha mu 2013. Ndipo manyuzipepala a kumeneko analemba kuti Netflix inalipira pafupifupi madola 100 miliyoni kuti Friends ikhalebe pa iwo chaka chimodzi chokha, cha 2019. Eni ndalama amadziwa kumene anthu akuthawira akafuna kuseka.

"Ndiye mwagwirizana nane," anatero aphunzitsi.

"Osati zonse, aphunzitsi. Pali ina yatsopano imene inuyo mungaikonde, Abbott Elementary. Ndi ya aphunzitsi a pulaimale ya boma ku Philadelphia, sukulu yosowa mabuku, zipangizo zowonongeka, ahedi osadziwa ntchito."

"Ku Amereka komweko?"

"Komweko. Ndipo anailemba ndi mtsikana, Quinta Brunson. Mukudziwa kumene anayambira? Timavidiyo tatifupi ta pa Instagram." Apa analoza mnyamata wa jezi uja ndi chibwano. "Ngati awa."

Mnyamatayo anawongola msana. Brunson analandira Emmy ya ulembi mu 2022, sewero lake litayamba chaka cha 2021. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anapeza makwerero: kuchoka pafoni anakalowa m'chipinda cha alembi, momwe anthu amalipidwa kuti akhale tsiku lonse akukangana za nthabwala imodzi.

Bambo wina amene anali chete nthawi yonseyi, wa jekete la chikopa ngakhale kunali dzuwa, anati iye anakhala ku Joni zaka zambiri, ndipo kumeneko ngakhale ana amadziwa 'Sgudi 'Snaysi.

"Iwe mphwanga, nkhani yako ya lendi ija anzathu anaipanga kale mu 1986. Joe Mafela ankakhala S'dumo, munthu wosagwira ntchito wokhala m'nyumba ya Sis May, ngongole zili thoo, wakatapira Laqhasha akumusakasaka. Sabata iliyonse bodza latsopano, sabata iliyonse ligwidwa. Mafela anamwalira mu 2017, koma akaibwereza pa TV, m'nyumba za ku Soweto simumveka china. Ku Zimbabwe nako anali ndi Mukadota, kenako Gringo. Nkhani yake ndi yomweyi yako, koma iwo anaikoka zaka. Anzathuwo TV yawo inkalipira anthu kuti alembe."

"Ndiye vuto lake limenelo, akulu," anatero mnyamatayo, mawu atakwera. "Ife tinalemba zigawo zisanu ndi chimodzi, za mphindi 20 chilichonse. Tinapita nazo kusiteshoni ina. Anatiuza kuti n'zabwino, koma tipeze kaye sponsa wogula nthawi. Ndiye kuti ife tilembe, tisewere, tijambule, kenako tilipirenso kuti ationetse. Titapita kwa sponsa, anati tiikemo uthenga wa zimbudzi."

Anthu anaseka, koma iye sanaseke.

Apa aphunzitsi anakumbutsa za Tikuferanji, kuti nalo linali sewero la uthenga, la bungwe la ADRA, lolimbana ndi Edzi masiku amene maliro anali tsiku ndi tsiku, komabe Manganya ankaseketsa dziko lonse. N'zoona. Michael Usi anamuumba Manganya mpaka dzinalo linamukanirira. Ngakhale atalumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024, m'minibasi anthu ankangoti a Manganya. Winiko nayenso, Bon Kalindo, anachoka pasiteji n'kukalowa ku Nyumba ya Malamulo mu 2014. Munthu amene wakuseketsa zaka zambiri umamuona ngati wachibale, ndipo ndi mphamvu imene sewero la mphindi imodzi silingapereke.

Komabe mnyamatayo ankanena chinthu chenicheni. Uthenga ukhoza kukhala m'sewero ngati mlembi ndi katswiri ndipo wamasulidwa manja. Koma pamene wolipira akufuna kumva mfundo zake zitatu zikutchulidwa bwinobwino, oseketsa amasanduka alangizi ovala zigamba, ndipo woonera amadziwiratu kuti phwete lililonse likutsatidwa ndi phunziro. Kwa zaka zambiri ndalama za masewero kuno zakhala zikuchokera kwa mabungwe kapena kwa otsatsa malonda, ndipo sewero longoseketsa, la banja limodzi kapena la pamalo amodzi a ntchito, loyenda chaka ndi chaka, silinapeze womulera. Ndiye tikamafunsa ngati masewero oseketsa a pa TV a lero akufika pa akale, kwathu kuno tiyambe tafunsa kuti masewerowo ali kuti. Luso linadumpha kuchoka pawailesi ndi pasiteji n'kukagwera pafoni, TV ili pakati ikungoyang'ana.

Ine maganizo anga ali apa. Ana a lero sakuchepa nzeru, ndipo ena mwa iwo ali ndi diso lakuthwa koposa akale poona zimene zikuchitika m'makomo mwathu. Chimene akusowa ndi anthu amoyo owakana. Izeki ndi Jakobo ankayenda m'maholo a m'maboma, nthabwala yomweyo n'kuiponya ku Zomba, ku Lilongwe, ku Mzuzu. Pamene yagwa ankaichotsa, pamene yagwira ankaitalikitsa, mpaka yotsalayo inali yosalala mbali zonse. Wa pafoni amajambula kamodzi, n'kuponya, n'kuwerenga manambala. Manambala amamuuza kuti anthu angati aonera, koma samuuza kuti anaseka pa liwu liti, kapena kuti nkhope zinagwa pa sekondi iti. Daliso Chaponda, amene anafika pa nambala 3 mu Britain's Got Talent mu 2017, anali atatha zaka zambiri akuima m'timaholo ta ku Canada ndi ku Britain pamaso pa alendo amene analibe naye chifundo. Mphindi zochepa zimene dziko linaona pa TV zija zinasulidwa kumeneko.

Palinso mbali ya ife oonera. Phwete limapatsirana. Nthabwala yapakatikati imakoma mukakhala anthu makumi awiri pamphasa imodzi, wina akuseka moseketsa, wina akubwereza mawu, agogo akufunsa kuti wati chiyani. Nthabwala yomweyo ukaionera wekha pabedi, zomvera zili m'makutu, umangotulutsa mpweya m'mphuno n'kupitirira. Zina mwa zimene aphunzitsi akuzisowa zili mwa anthu amene ankaseka nawo, ndipo ambiri a iwo anapita.

Mayi wa zitumbuwa anayamba kukonza nkhata yake, kenako anaima n'kumuyang'ana mnyamata uja.

"Iwe, gulu lathu la banki mkhonde likugawana ndalama Loweruka lomaliza la mwezi uno. Tilipo amayi 25, ena amabwera ndi amuna awo. Chaka chilichonse timalemba DJ. Chaka chino bwerani inu atatu, mudzatiseketse pamaso, osati pafoni."

"Mphindi zingati, mayi?"

"Makumi awiri."

"Mayi, lalitali kwambiri limene tinajambulapo ndi la mphindi ziwiri."

"Wanena wekha kuti munalemba zigawo zisanu ndi chimodzi. Tengapo chimodzi. Muli ndi masabata atatu. Koma ndikuchenjeze, amayi aja ndalama zikakhala kuti sizinakwane bwino sasekera zilizonse, ndipo msungichuma wathu sanasekepo chiyambire gulu."

"Nanga malipiro?"

"Mukatiseketsa, ya DJ yonse ndi yanu. Tikapanda kuseka, mudya mpunga n'kumapita kwanu."

Aphunzitsi anati iwonso abwera, akhala kutsogolo. Amisiri analonjeza kubwereketsa sipika ndi maikolofoni imodzi. Mnyamatayo anathandiza mayiwo kusenza beseni, kenako anatsika masitepe foni ili kukhutu.

"Aise, muli kuti? Siyani zimenezo, tikumane kwathu pompano. Ubwere ndi kope lija. Ayi, osati kamera, kope."